Mphini za pa Mibawa

Mpaka lero Nkhanga ndi Nungu akakumana pampopi, nkhani iyi saimaliza bwino. Nkhanga, amene amasesa pansi pa mibawa m'mawa uliwonse, amati Gologolo anapusitsa Khansala Njiri dzuwa likuswa mtengo, mpaka mkulu yense uja anagwada pafumbi aliyense akuona. Nungu, amene anali kapitawo wa odula mitengo, amaimitsa minga yake n'kunena kuti palibe anapusitsidwa. Akuti Khansala ankaona zonse, ndipo kugwada ndi chibadwa cha njiri, ngakhale pakudya zimagwada. Onse awiri analipo, ndipo aliyense ali ndi pamene akunena zoona. Choncho tiiyambe poyambira, inu muli apo muvomere kuti tili limodzi.

Padangokhala dera lina kumapeto kwa tauni ya nyama, kumene msewu umodzi wokha unkadutsa pakati pa nyumba. M'mbali mwa msewuwo munali mibawa isanu ndi iwiri. Oibzala anali amene anayamba kumanga kumeneko, atanyamula mbande m'mapale kuchokera kumidzi kwawo, ndipo onsewo anali atatisiya kalekale. Nyumba za m'deralo zinalibe manambala. Polondolera mlendo unkangotchula mtengo, poti uliwonse unali ndi dzina. Panali Wa Alendo, pamene ofika kumene ankatula katundu, kenaka Wa Telala, Wa Milandu, Wa Maliro pamene onyamula bokosi ankapumira, Wa Akwati, Wa Miseche, ndi womaliza kubzalidwa umene ankautcha Mzime. Osesa masamba anali ndi nyimbo yawo. Mmodzi ankaitana mtengo ndi dzina lake, enawo n'kuvomera kuti ulipo ndipo wadzuka bwino, mpaka mayina onse asanu ndi awiri atatha.

Panalinso mwambo wina. Mwana akayamba kuyenda yekha, akuluakulu ankamuimika pathunthu la m'bawa wapafupi ndi kwawo, n'kutema kachizindikiro pakhungwa pamene pathera mutu wake. Banja lililonse linali ndi katemedwe kake. Zizindikirozo ankazitcha mphini, ndipo mtengo ukamanenepa mphinizo zinkatambasuka nawo, osafufutika.

Gologolo ankakhala m'mphako ya Mzime. Amake anabadwira momwemo, agogo akenso momwemo. Masana ankakazinga mtedza patsinde pa mtengowo n'kumagulitsa, ndipo nkhani zonse za mumsewu zinkayamba zadutsa pa iye.

Ndiye kunabwera Khansala Njiri. Anali atakhala m'deralo zaka zinayi zokha, ndipo kumbali ankamutchabe wobwera. Tisamunamizire, anali wakhama ndipo sankadana ndi mitengo. Koma mizu ya mibawa inali itatukula ngalande, moti mvula ikagwa madzi ankalowa m'nyumba. Msewu unali wopapatiza, galimoto ya odwala ikakumana ndi ngolo imodzi inkayenera kubwerera chafutambuyo. Ndipo chaka chimenecho nthambi yaikulu inagwera denga la Nkhanga, kuphwanya malata, pang'ono kupha anapiye ake. Nthambiyo inathothoka ku Mzime. Gologolo anaikoka msangamsanga n'kuiwaza nkhuni, ndipo anzake sanafunse zambiri.

Khansala anaitanitsa msonkhano pansi pa Wa Milandu, pafupi ndi nyumba yake. Anafotokoza zonsezo bwinobwino, n'kunena kuti mibawa yonse idulidwa, msewu ukula, phula athiridwa. Nyama zinangong'ung'udza chapansipansi. Aliyense ankaganiza za madzi amene analowa m'nyumba mwake, ndipo palibe anaimirira.

Gologolo anatsetsereka panthambi n'kukhala tsonga pamaso pa Khansala.

"Zikomo, a Khansala. Kodi eni ake mwawatsanzika?"

"Eni a chiyani, mayi?"

"Eni mitengo. Kuno sitidula chinthu mwini wake asanatsanzikidwe."

"Mtengo wa m'mbali mwa msewu ulibe mwini," anatero Khansala. "Koma kuti musadzati wobwera anachita zamwano, ndikupatsani mpaka mawa. Mwini akapezeka ndimumvera."

Gologolo anayamba nyimbo ya osesa ija, koma anavomera ndi Nkhanga yekha ndi anzake awiri, mwamanyazi. Gologolo anaona kuti chinthu chimene aliyense amati ndi cha tonse palibe angachifere. Anazimitsa moto wa mtedza n'kuyamba ulendo wa makomo.

Anayambira kwa Kamba, telala amene ankasokera pansi pa m'bawa wachiwiri. Atapereka moni anatsitsa mawu, n'kunena kuti sakufuna kuyambanitsa anthu, koma wamva kuti Khwangwala mawa akadziwonetsa ngati mwini wa Wa Telala. Akuti agogo a Khwangwala ndiwo anaubzala, agogo a Kamba ankangobwereka mthunzi. Kamba anasiya kupalasa makina, khosi lonse kutuluka m'chigoba. Gologolo anatsanzika n'kulunjika kwa Khwangwala, kumene ananena zomwezo chozondotsa. Anatero khomo ndi khomo, mtengo ndi mtengo, ndipo pofika kumapeto kwa msewu mchira wake unali ukunjenjemera, pakuti unkatero nthawi zonse akanama.

M'mawa mwake Nungu atafika ndi nkhwangwa anapeza pansi pa mtengo uliwonse pali mbwee. Kamba anakokera Khansala patsinde pa Wa Telala n'kumuonetsa timaenje tinayi pamizu, pamene miyendo ya makina a agogo ake inakhala zaka zosawerengeka. Khwangwala anakuwa kuti chaka cha chilala agogo ake ankathirira mbandeyo ndi madzi onyamula pakamwa. Wa Maliro unali ndi eni oposa khumi, aliyense kutchula m'bale wake amene bokosi lake linapumira pamenepo. Ngakhale Wa Miseche, umene palibe ankavomera kuti amakhalapo, unapeza eni ake. Nkhani zimene zinali zitaiwalika zinafukulidwa tsiku limenelo, zina ana akuzimva koyamba.

Khansala anamvetsera mpaka dzuwa kufika paliwombo. Kenaka anati iye anapempha mwini mmodzi woti amutsanzike, koma wapeza chigulu chimene chikukanganirana, ndipo chinthu chokanganirana chimabwerera kukhonsolo. Sanalakwitse, malamulo ake ankanenadi choncho. Koma pamene Gologolo anayamba nyimbo ija, theka la msewu linavomera, ndipo Khansala anaona kuti nkhwangwa singalowe tsiku limenelo.

"Chabwino," anatero. "Ndionetseni ntchito imene mitengo iyi imagwira imene khonsolo singagwire. Mukati mthunzi, ndimanga mashedi a malata. Mukati kulondolera alendo, manambala ndikhoma lero lomwe. Ndakupatsani masiku atatu."

Manambala anakhomedwadi pazitseko zonse. Gologolo anadutsanso makomo, ulendo uno akulalikira kumvera. Anati a Khansala ndi atsogoleri athu, tiwasonyeze kuti tamva. Kuyambira mawa palibe kutchula dzina la mtengo, tichite ngati yadulidwa kale. Wofunsa njira tizimufunsa nambala basi. Sananene kuti mkazi wa Khansala, pogula mtedza, anali atamuuza kuti apongozi ake akubwera mawa lomwelo kuchokera kumudzi.

Amayi ake a Khansala anatsika basi m'mawa ali ndi dengu la mbatata pamutu. Mwana wawo anali atawauza kalekale kuti akadzafika adzangofunse pa Wa Milandu. Anafunsa Kamba.

"Pepani amayi, mayina amenewo anatha," anatero Kamba. "Nambala ya nyumbayo ndi chiyani?"

"Nambala? Mwana wanga ndinamupatsa dzina, sindinamupatse nambala."

"Ndiye funsani kutsogoloko."

Kutsogoloko anawayankha chimodzimodzi. Anatsika msewu, anakwera msewu, anadutsa pachipata cha mwana wawo kanayi osadziwa. Akatopa ankatula dengu pansi pa m'bawa, kupuma, n'kusenzanso. Dzuwa litatentha anafika pa Mzime miyendo ikuwawa, n'kukhala pansi. Gologolo atawaona anagwidwa ndi manyazi, chifukwa nkhalamba imeneyo sinalakwire aliyense. Anawapatsa madzi ndi mtedza, anasenza dengu lija, n'kuwaperekeza yekha mpaka pakhomo.

Amayiwo anamukalipira mwana wawo pabwalo, msewu wonse ukumva. Anati kumudzi ngakhale mbuzi imadziwa kwawo popanda nambala, ndipo chikhala kuti panalibe mitengo ija akanawatola atakomoka. Khansala atawalowetsa amake m'nyumba anatulukanso maso ali psuu.

"Mayi Gologolo, mwazunza mayi anga kuti mupambane mkangano. Manambala anthu azolowera mwezi usanathe, inunso mukudziwa. Nthabwala zatha. Lolemba ndipaka penti pamitengo, Lachiwiri nkhwangwa."

Gologolo anadziwa kuti zonse ziwiri zinali zoona. Koma osesa anayamba okha nyimbo ija, ndipo msewu wonse unavomera, kuyambira kwa Wa Alendo mpaka kwa Mzime. Ena amati anamva mawu a nkhalamba akuvomera nawo kuchokera m'nyumba ya Khansala.

Lolemba m'mawa Nungu anabwera ndi chitini cha penti yofiira ndi bulashi. Anali pafupi kupaka pa Wa Alendo pamene Gologolo anadumphira pachivundikiro cha chitinicho.

"Imani kaye, a kapitawo. Ife tagonja, mitengo idulidwe. Koma idulidwe mwamwambo."

"Mwambo utinso?" anafunsa Khansala.

"Wolamula kudula ndiye amapaka yekha, satuma. Amapaka m'munsi, pamene nkhwangwa idzalowe, kukula kwake ngati chikhatho. Ndipo penti isakhudze mphini ya mwana wa munthu, wamoyo kaya wakufa. Mukapeza malo oyera, pakani, mtengowo ndi wanu."

Kamba anayang'ana Khwangwala, Khwangwala anayang'ana Nkhanga. Palibe anaumvapo mwambo umenewo, koma onse anagwedeza mitu ngati anabadwa nawo. Mchira wa Gologolo unali ukunjenjemera ngati tsamba. Nungu akuti Khansala anauyang'ana mchirawo nthawi ndithu, kenaka anangolandira bulashi.

Mphini zinali m'munsi, pamsinkhu wa ana ongoyamba kuyenda, choncho Khansala anagwada kuti aone bwino. Anazungulira Wa Alendo chokwawa. Paliponse pamene ankalozetsa bulashi, wina ankafuula kuti imeneyo ndi ya malume ake, iyo ndi ya mlongo wake amene anakwatiwa kutali, iyo yotambasukayo ndi ya agogo a agogo. Malo a chikhatho sanapezeke. Anapita pa Wa Telala, chimodzimodzi.

Pa Wa Milandu anazungulira kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anapeza kadanga kumbali yoyang'ana kunyumba kwake. Ataviika bulashi anaona kuti pakati pa kadangako pali mphini yaing'ono, yatsopano, ya timizere tiwiri topindika ngati mano a njiri.

"Iyi ndi ya yani?"

"Ndi ya mwana wanu wamng'ono, bambo," anayankha Nkhanga. "Anayamba kuyenda inu muli kumsonkhano. Amake anabwera naye, ndinatema ndine. Anabadwira kuno, ndi wathu, tikanamusiya bwanji?"

Khansala anakhalabe chogwada, penti ikudontha pafumbi. Zaka zinayi ankamva kumbali kuti ndi wobwera, ndipo sankadziwa kuti banja lake linalembedwa kale pakhungwa limodzi ndi obzala mitengoyo. Anapukuta mphiniyo ndi chala kuti fumbi lichoke, anadzuka, n'kupita pa Wa Maliro. Kumeneko sanapezenso malo. Pa Wa Akwati ayi, pa Wa Miseche ayi. Mtengo uliwonse akaudutsa osesa ankauitana m'nyimbo, ndipo kuvomera kwake kunkamveka mpaka kumsika. Gologolo ankadumpha nthambi ndi nthambi, mtima utadzaza ndi chimwemwe.

Anali ataiwala chinthu chimodzi. Khansala atafika pa Mzime anazungulira kumbuyo, kumene Gologolo ankaunjika nkhuni ndi matumba a makoko a mtedza. Anakankha zonsezo ndi mphuno. Kuseri kwake khungwa linali litasupuka lokha, malo oyera aakulu ngati lichero, opanda mphini ngakhale imodzi. Anagogoda ndi dzino lake, mtengo unalira ngati ng'oma. Anagogodanso, ufa wa chiswe unathothoka. Woitana nyimbo anali atatsegula kale pakamwa kuti atchule Mzime, koma mawu sanatuluke.

Gologolo ankadziwa. Chaka ndi chaka nyumba yake inkakula yokha osasema, ndipo iye ankauza anzake kuti ndi mwayi. Nkhunizo sanaziunjike pamenepo mwangozi.

Nkhanga anayang'ana denga lake la zigamba, kenaka anayang'ana Gologolo. "Mnzanga, nthambi ija," anatero, ndipo sanamalize.

Khansala anatembenukira kwa onse n'kunena zimene waganiza. Mibawa isanu ndi umodzi sidulidwa. Msewu ukhota kuilambalala, ndipo malo okhotera achokera kumabwalo a mbali inayo, kuyambira pampanda wa nyumba yake yomwe. Ngalande ikumbidwa kwina, kutali ndi mizu, ndipo chaka chilichonse mvula isanayambe Nungu azisadza nthambi zolendewera pamadenga. Anati msewuwo sudzakhala wowongoka monga ankafunira, ndipo ena ataya kadimba ka pakhomo, koma galimoto ya odwala idzadutsa. Ena anang'ung'udza za madimba awo, ambiri anawomba m'manja.

Kenaka anayandikira Gologolo n'kutsitsa mawu. Apa m'pamene Nungu amati anamva zonse, Nkhanga n'kumati sanamve kanthu.

"Mayi, mchira wanu ndimaudziwa. Mwambowu ndi wanu, ine sindiutsutsa pagulu. Mukati unali bodza, nditseka chitini, tiyambirenso nkhani ya mitengo yonse isanu ndi iwiri, ndipo ulendo uno sindigwada. Mukati ndi woona, malo oyera ndi awa."

Gologolo anayang'ana mphako imene amake anabadwiramo. Nzeru zina zinali zikubwera kale m'mutu mwake. Akanatha kunena kuti chiswe nachonso ndi banja la m'deralo ndipo timizere take ndi mphini, ndipo mwina ena akanavomera. Koma anaona anapiye a Nkhanga akusewera pansi pa nthambi yaikulu imene inatsala, anaonanso mibawa isanu ndi umodzi itaima mumzere mpaka kumayambiriro kwa msewu. Mchira wake unasiya kunjenjemera.

"Mwambowu ndi woona," anatero mokweza. "Ngati dzulo kunalibe, lero wabadwa, ndipo ana athu adzaupeza."

Anapempha zinthu zitatu, ndipo Khansala anavomera zonse. Khungwa la kutsogolo, limene linali ndi mphini za banja lake ndi za anansi, lisupulidwe bwinobwino lisungidwe pa Wa Milandu. Pamalo pa Mzime pasathiridwe phula, chifukwa m'mphako mwake anasunga nthanga za mtengo womwewo ndipo adzabzala yekha. Ndipo osesa asachotse dzinalo m'nyimbo, aziliitanabe mpaka mbande idzakule n'kuyenera kuvomeredwa.

Khansala anakweza bulashi kuti apake monga mwa mwambo, koma Gologolo anamugwira dzanja.

"Pepani a Khansala, munkafuna mwini mmodzi woti mumutsanzike. Pa uwu wapezeka. Ndipaka ndekha."

Bulashi inali yaikulu, sakanatha kuinyamula. Anakwera pachitini, anaviika mchira wake wonse mupenti yofiira, anapita pamalo oyera paja n'kupaka kamodzi chotsitsa, kamodzi chopingasa. Woitana nyimbo anatchula Mzime, ndipo amene anayamba kuvomera anali Khansala.

Pentiyo sinachoke konse kumchira, nanunso mukaona gologolo padzuwa mudzaona kufiirira kwake. Nthano yathu yakhota ngati msewu uja, ndipo yaima pamenepa.